Fayilo ya Diso la Aneba Anga

Fayiloyi ndi yobiriwira ndipo muli mapepala khumi ndi asanu ndi awiri. Pachikuto pake ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti DISO LA KUMANJA. Disolo si langa. Ndi la aneba anga, bambo achikulire ochokera ku China, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu kuno ku Ellenbrook, m'dziko la eni kutsidya la nyanja. Ndikulemba nkhaniyi fayiloyo ili patebulo, kuopa kuwonjezera kapena kuchotsera.

Ndinagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zinayi m'chipinda cha mafayilo ku likulu la boma ku Lilongwe. Kalata ikafika ndinkaidinda tsiku, n'kuilemba m'kaundula, n'kuiboola pakona, n'kuimanga ndi chingwe m'fayilo yake. Kumeneko ndinaphunzira kuti chinthu chimene sichinalembedwe papepala, ngakhale anthu khumi alumbire kuti anachiona, sichinachitike. Mayi a kunyumba atatisiya, mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino pachipatala cha ku Murdoch, anadzanditenga. Ndinakwera ndege ndi masutikesi awiri, imodzi ya zovala, inayo ya mapepala. Mpaka lero amandinena kuti nyumba yake ikadzapsa, moto udzayambira kuchipinda kwanga.

Anebawo ndinadziwana nawo kupaki. M'mawa uliwonse ankakumana ndi achikulire anzawo pansi pa mitengo ya bulugamu, n'kumachita masewera awo aja oyendetsa manja pang'onopang'ono ngati munthu akukankha chitseko cholemera. Ine ndinkakhala pabenchi. Lachisanu lililonse kunkabwera mayi wina wa msinkhu wa mwana wanga, n'kutsegula buti ya galimoto, n'kugawa nyuzipepala yaulere ya m'chinenero chawo, imene inkasindikizidwa ku Malaga, dera lina la mzinda womwewu. Ndinamva pambuyo pake kuti mayiyo ndiye ankailemba, ndiye ankasaka otsatsa malonda, ndiyenso ankaitula m'mashopu. Aneba ankatenga yawo n'kudzakhala pafupi nane, n'kutulutsa galasi lokuzira zilembo. Ankandilozera ndi chala: apa ndi amene amwalira, apa ndi dokotala wolankhula chinenero chawo, apa ndi tsiku la chikondwerero. Sindinkatha kuwerenga ngakhale chilembo chimodzi, koma nyuzipepalayo ndinkaipatsa ulemu, chifukwa pamwamba pake inali ndi tsiku ndi nambala.

Tinkamvana ndi mawu ochepa a Chingerezi, zala, ndi kalendala. Iwo ankandiitana ndi liwu lina la kwawo, ndipo mayi wa nyuzipepala uja anandiuza kuti limatanthauza mphunzitsi. Sindinaimepo pabolodi chibadwire, koma sindinawakonze. Ine ndinkawaitana kuti madala, ndipo ankavomera.

Ankakhala ndi mwana wawo wamwamuna ndi banja lake. Mliri uja wa dziko lonse utatsala pang'ono kubuka, banjalo linapita ku China kukaona abale, madalawo n'kutsala kulondera nyumba kwa milungu itatu. Malire anatsekedwa, ndege zinasowa, ndipo milungu itatu ija inasanduka zaka ziwiri. Wowawerengera makalata a Chingerezi anali mwana wawoyo. N'chifukwa chake m'mawa wina anaoloka msewu ndi envelopu, n'kundipatsa ndi manja awiri.

Inali kalata yochokera ku chipatala china cha boma. Dzina lake sindilitchula, poti cholakwa chinali m'kachitidwe ka zinthu, osati mwa munthu. Kalatayo inkanena kuti dzina lawo laikidwa pamndandanda wa odikira opaleshoni yochotsa ng'ala m'diso la kumanja. Diso la kumanzere linafa kalekale, kachitsulo katawalasa ali mnyamata kufakitale. Choncho kuona kwawo konse kunali m'diso limodzi, ndipo disolo linali litayamba kuchita chifunga. Ndinawafotokozera mmene ndinathera, ndinadinda tsiku pakalatayo, n'kutsegula fayilo. Patapita milungu ingapo kunabwera ina yonena kuti maopaleshoni otha kudikira aimitsidwa kaye chifukwa cha mliri, koma malo awo pamndandanda ndi osungika. Imeneyo ndi pepala lachiwiri. Mawu akuti osungika ndinawadula mzere kunsi.

Nyuzipepala ija inafa m'miyezi yomweyo. Malo odyera amene ankatsatsamo malonda anatseka, ndipo anthu ankaopa kugwira chinthu chimene wina wachigwira kale. Kupaki nako kunatha. Mzinda utatsegukanso, achikulire aja anabwerera, koma ochepa, ndipo buti ya galimoto sinatsegukenso. Mayi uja anali atasamutsira zonse pafoni. Anapanga gulu limene munali anthu a kwawo a mzinda wonse, ndipo nkhani za maliro, za katemera, za dokotala ndi za chikondwerero zinkadutsa mmenemo. Ndinkawaona kupaki akamaliza masewera: m'malo mokhala pabenchi kukangana za tsamba limodzi, aliyense ankayandikitsa foni pakamwa n'kumalankhula ndi munthu amene panalibe.

Aneba anali nayo foni imene mwana wawo anawasiyira, koma zilembo zake zinali ngati nyerere m'madzi. Ankangomvera mauthenga amawu okhaokha. Ndipo mauthenga amawuwo ambiri anali a anthu wamba, wina akuti wiritsani masamba akutiakuti, wina akuti chenjerani ndi akuba amene akuimba foni ngati apolisi kapena akuchipatala. Zimenezi ankandisimbira ndi manja, akuyerekeza munthu wopisa m'thumba la mnzake.

Tsopano ndifike pa pepala lachisanu, limene ndi lolemba ine ndi dzanja langa.

Linali Lachiwiri m'mawa, chaka chachiwiri cha mliri. Aneba anabwera ndi foni, n'kundionetsa meseji ya Chingerezi. Inkati chipatala chikuwunikanso mndandanda wa odikira, ndipo ngati akufunabe opaleshoni adinde pamawu obiriwira amene anali kumapeto. Akapanda kuyankha m'milungu iwiri, dzina lawo lidzachotsedwa. Ndinaiwerenga katatu. Panalibe siginecha. Panalibe chidindo. Panalibe dzina la ofisala, ngakhale nambala ya fayilo. Munthu aliyense wochokera kwathu amaidziwa meseji yotere. Ndi m'bale wake wa ija imati mwapambana mphoto, ndi ija imati ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Zonse zimafulumizitsa munthu, zonse zimaopseza, zonse zimafuna kuti udinde penapake.

Ndinayerekeza ndi dzanja munthu wopisa m'thumba. Aneba anagwedeza mutu mwamphamvu, okhutira kuti zimene ankamva m'gulu lawo zapherezeka. Ndinawauza kuti boma silichotsa munthu pamndandanda ndi foni. Boma limalemba kalata. Ndinanena zimenezi motsimikiza, monga munthu amene anagwira makalata a boma kwa zaka makumi atatu ndi zinayi.

Mesejiyo ndinaikopera papepala liwu ndi liwu, ndi tsiku lake ndi ola lake. Kenako ndinalemba kalata kuchipatalako, pansi pake nditaika kaboni amene ndinabwera naye kuchokera ku Lilongwe. Ndime yoyamba inkawadziwitsa kuti pali atambwali amene akugwiritsa ntchito dzina lawo. Ndime yachiwiri inkawakumbutsa kuti wodwala wakutiwakuti, wa nambala yakuti, akudikirabe opaleshoni yake ndipo akuifuna. Aneba anasayina pansi ndi zilembo za kwawo. Tinakwera basi limodzi kupita ku positi ofesi, ndinaitumiza pa rejisita, lisiti n'kusunga.

Mwana wanga sindinamufunse. Masiku amenewo ankachoka kusanache, ulendo wa ku Murdoch pagalimoto uli wautali, ndipo akabwera ankavulira yunifomu m'galaja n'kupita kubafa asanapereke moni. Ndinganene kuti ndinkamumvera chisoni. Koma fayiloyi ndinaitsegula kuti ndilembe zoona, ndipo zoona zake n'zakuti sindinaone chifukwa chofunsira mwana nkhani ya makalata.

Yankho silinabwere. Miyezi inadutsa. Aneba anayamba kuthira tiyi pambali pa kapu. Anasiya kupita kupaki atapunthwa pamphepete mwa msewu n'kusupuka bondo. Tsiku lina lotaya zinyalala ndinawaona ataima pakhomo pawo, akuweramira mwaulemu bini yathu yakuda, akuiitana ndi liwu lija la mphunzitsi. Ndinatsokomola kuti adziwe kumene ndinali. Anaseka kwambiri, nanenso ndinaseka, koma nditalowa m'nyumba ndinalembanso kalata ina yokumbutsa. Nayonso sinayankhidwe.

Kalata imene tinkaidikira inafika chaka chikupita kumapeto. Inali yapapepala labwino, ndi chizindikiro cha chipatala pamwamba, ndi siginecha pansi. Inkati popeza sanayankhe uthenga wa pafoni, dzina lawo lachotsedwa pamndandanda, ndipo ngati akufunabe chithandizo apitenso kwa dokotala wawo kuti ayambirenso kumchira kwa mzere. Apa ndiye pandipwetekabe mpaka lero. Pofunsa munthu wosaona ngati akufuna kuona, anamutumizira tizilembo ta pafoni m'chinenero chachilendo. Koma pomuchotsa, pepala linapezeka, envelopu inapezeka, ndi sitampa yomwe.

Madzulo ake ndinaika fayilo patebulo mwana wanga atamaliza kudya. Anawerenga pepala lachisanu lija, n'kuyang'ana kudenga.

"Adadi, meseji imeneyi inali yeniyeni. Ngakhale kuntchito kwathu timatumiza zoterezi tsiku ndi tsiku."

Ndinamufunsa kuti wasayina ndani.

"Palibe amasayina. Ndi kompyuta."

Ndinati ndiye kompyutayo ikalakwa, munthu akadandaule kwa yani.

"Kwa ine, mukanandifunsa," anatero. "Ndimagona chipinda choyandikana ndi chanu, sindikhala ku Nsanje." Anatsegulanso mapepalawo limodzilimodzi, ndipo atafika pa lisiti la ku positi anaima. Anawerenga tsiku lake, n'kubwerera ku tsiku la meseji, n'kuwerenga masiku pazala. Anati ndisataye kapepala kameneko. Kenako anaseka yekha, n'kunena kuti waiwala amene akulankhula naye.

Kuwauza aneba zimenezi ndi zala sikukanatheka. Ndinapita kupaki, ndinapempha mmodzi wa achikulire aja kuti andiitanire mayi wa nyuzipepala. Anabwera Loweruka masana, ndipo tinakhala pakhonde pa aneba, motalikirana, aliyense ndi masiki yake. Ndinanena mwachindunji kuti meseji inali ya chipatala, kuti ndine ndinawaletsa kudinda, ndiponso kuti malo awo atayika chifukwa cha uphungu wanga. Mayiyo anamasulira. Madalawo anamvetsera, diso lawo loyera lija likuyang'ana pamwamba pa phewa langa. Kenako anayankha mawu ochepa.

"Akuti ngakhale mukanawauza kuti adinde, sakanadinda," anatero mayiyo. "Akuti akuba aja munawaopa nonse awiri."

Kenako mayiyo anatulutsa foni yake n'kuyamba kusesa ndi chala, kubwerera m'mbuyo miyezi yambirimbiri. Anandionetsa uthenga umene iye mwini analemba m'gulu lawo mlungu womwewo umene meseji ija inabwera, wochenjeza kuti mameseji a chipatala ofunsa za mndandanda ndi enieni ndipo anthu ayankhe. Anaulemba ndi zilembo, m'mawa. Anati pofika madzulo unali utakwiririka pansi pa zithunzi za maluwa, mapemphero ndi mikangano ya katemera. Anati ikanakhala nthawi ya nyuzipepala akanauika patsamba loyamba, ndipo ukanakhala patebulo la munthu aliyense mlungu wathunthu, mwina n'kukulungira ndiwo pambuyo pake. Ananena kuti tsopano anthu amene amawafikira ndi ochuluka kuposa kale, ndipo amawafikira m'kuphethira kwa diso, koma sadziwanso amene wamva ndi amene sanamve. Kale ankadziwa, chifukwa ankawapatsira m'manja.

Tinagwirizana zopita kuchipatalako atatu. Tinapita chaka chatsopano chitalowa, nthawi imene pakhomo lililonse ankafuna umboni wa katemera. Anzanga onse pamzere ankaonetsa mafoni. Ine ndinatulutsa pepala langa ndi la aneba, onse awiri ali m'pulasitiki, ndipo m'malo mojambula ndi foni kachizindikiro ka pakhoma ndinapempha buku lolembamo mayina, monga ndinkachitira m'shopu iliyonse. Mlonda anati wodwala aloledwa woperekeza mmodzi yekha. Mayi uja anati iye ndi womasulira. Ine ndinakweza fayilo m'mwamba. Mlondayo anaiyang'ana, anayang'ana imvi zanga, n'kutiloza kolowera.

Kalaliki wa pawindo anali mayi waulemu, wotopa, ali kuseri kwa galasi. Anagogoda makina ake n'kunena kuti akusonyeza kuti wodwalayu sanayankhe. Ndinati anayankha. Anati makina sakusonyeza. Ndinamasula chingwe cha fayilo, n'kudutsitsa pansi pa galasi mapepala atatu motsatana: meseji yokopera ija, kope ya kaboni ya kalata yanga, ndi lisiti la ku positi. Kope ya kaboniyo anaitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti yotere anaiona komaliza kwa agogo ake. Ndinamupempha kuti asayang'ane mtundu wa pepala, ayang'ane tsiku.

Anafotokoza kuti makalata a papepala safikanso kwa iwo. Amapita ku ofesi ina kumene amawajambula n'kuwalowetsa m'makina. Anafufuza kwa nthawi ndithu, ndipo anaipeza. Amene anaijambula anawerenga ndime yoyamba yokha, ya atambwali ija, n'kuiponya m'gulu la madandaulo. Ndime yachiwiri palibe anaifikira. M'chipinda changa cha ku Lilongwe kalata yokamba nkhani ziwiri inkakoperedwa n'kuikidwa m'mafayilo awiri, ndipo kalaliki wochita mosiyana ndi zimenezi ankaitanidwa ku ofesi ya bwana. Ndinayamba kumufotokozera zimenezi, koma mayi wa nyuzipepala anandiponda phazi.

Kalaliki uja anaitana mkulu wake. Mkuluyo anawerenga kalata yanga yonse ali chiimire, anayerekeza tsiku la lisiti ndi la meseji, n'kupeza kuti yankho lathu linafika milungu iwiri ija isanathe. Anati dzina libwezeretsedwa pamalo pomwe linali. Mayi uja anamasulira, ndipo aneba anaweramira galasilo kawiri. Ndinapempha kuti zimene wanenazo azilembe. Anandisindikizira pomwepo, n'kusayina. Tikutuluka, mkuluyo anandiuza mwaulemu kuti ulendo wina meseji ikabwera tingodinda. Ndinangogwedeza mutu, chifukwa phazi linali likuwawabe.

Kuyambira mwezi umenewo mayi wa nyuzipepala anayamba kujambula mawu. Nkhani iliyonse ya chipatala amaiwerenga mokweza, pang'onopang'ono, n'kuitumiza Lachisanu m'mawa, tsiku lomwe lija ankatsegula buti. Aneba ankaimvera foni ili pakhutu, atakhala pakhonde.

Meseji ya tsiku la opaleshoni inabwera patapita miyezi ina. Inalibe siginecha, inalibe chidindo. Aneba anaoloka nayo msewu akufufuza njira ndi ndodo. Ndinaikopera papepala kaye, ndi tsiku lake ndi ola lake. Ndinaimbira mwana wanga ali kuntchito n'kumuwerengera yonse. Anati, "Dindani, adadi, ndili ndi odwala." Ndinadinda ndi chala changa. Panatuluka mawu othokoza, ndipo nawonso ndinawakopera.

Pofika tsiku la opaleshoniyo mwana wawo anali atabwerera, ndipo ndiye anawaperekeza ku opaleshoni. Tsiku limene anachotsa chophimba cha padiso ndinali pabwalo ndikuthirira masamba a mpiru amene ndinabzala m'mbali mwa mpanda. Madalawo anabwera opanda ndodo, anaima patsogolo panga, n'kundiyang'anitsitsa kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Analankhula kanthu, ndipo mwana wawo, amene anali pambuyo pawo, anachita manyazi kumasulira. Nditamuumiriza anati, "Akuti aphunzitsi, mwakalamba kuposa mmene ankaganizira. Akuti chifunga chija chinkakukomerani."

Ndinati awauze kuti nawonso malaya amene avalawo akhala akuwavala chotembenuza kwa chaka chathunthu, ndipo ndinangowasungira ulemu.

Madalawo analowa m'nyumba mwawo n'kutuluka ndi nyuzipepala imodzi yopindidwa bwino. Inali yomaliza kusindikizidwa, imene anailandira diso litayamba kale kukana, n'kuisunga pansi pa wailesi yakanema osaiwerenga. Anakhala pa sitepe yathu n'kuiwerenga kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, popanda galasi lokuzira zilembo lija. Inali nkhani ya zaka ziwiri zapitazo. Malo odyera amene ankatsatsamo ena anali atatsekeratu, ndipo chikondwerero chimene inkalengeza sichinachitike. Atamaliza anaipinda momwe inalili, n'kundipatsa ndi manja awiri, akuloza chakuchipinda kwanga. Kenako anatulutsa foni m'thumba, anaitalikitsa pang'ono ndi nkhope, n'kuyamba kusesa ndi chala mauthenga a m'gulu lawo, akubwerera kwawo osayang'ana m'mbuyo.

Nyuzipepalayo ndinaidinda tsiku limene ndinailandira, ndinaiboola pakona mosamala kuti ndisawononge chilembo, n'kuimanga kumapeto. Ndiyo pepala la khumi ndi chisanu ndi chiwiri. Mwana wanga anandifunsa kuti fayilo ya munthu amene wachira ndikuisungiranji. Ndinamuuza kuti kalata yotseka nkhaniyi kuchokera kuchipatala sinabwere, ndipo fayilo siitsekedwa popanda kalata.